Lilime la a Mbewe

Ine ndinapita ku Joni ndisanalawepo mowa, ngakhale wa masese. Bambo anga anali mkulu wa mpingo kwathu ku Bowe, munthu woti akakumana ndi woledzera panjira ankatsika njinga n'kumulalikira mpaka mowa kumuthera m'mutu. Thobwa likagona masiku awiri m'nyumba mwathu ankakalitaya okha kudzala, ati layamba kuganiza zoipa. Ndinakula choncho, ndinakwatira choncho, ndipo ndinkayimba besi m'kwaya. Wina akanandiuza kuti ana anga adzadya chifukwa cha mphuno yanga ndi lilime langa, ndikulawa vinyo wa azungu, ndikanamuseka.

Ndinanyamuka nyali itangopambana pa riferendamu. Ife a ku Dowa tinavotera tambala ndi mtima wonse, tambala n'kugwa, ndipo anthu ankati tsopano zonse zikoma. Chimene ndinaona ine n'choti feteleza anakwera, makalabu a alimi anabalalika, ndipo fodya wanga sanabweze ngakhale thukuta. Mkazi wanga Nabanda anali ndi mwana kumsana, wina m'mimba.

Wonditenga anali a Mbewe. Ankakhala chikamwini kumapiri a Ntchisi, koma ntchito yawo inali ya ukhukhi ku Kepitawuni kuyambira ine ndili pasukulu. Tinakumana paukwati ku Mponela iwo atabwera kutchuthi. Atamva kuti mayi anga ndi Nambewe anandigwira dzanja osalisiya.

"Ndiye kuti ndiwe mphwanga. Khasu umalidziwa?"

"Ndinabadwa nalo, amalume."

"Dona wanga akufuna munthu wa m'gadeni. Komatu kumeneko maluwa amathiriridwa kuposa chimanga. Usakaseke pamaso pake."

Kuyambira tsiku limenelo anali amalume anga, ndipo palibe anafunsanso kuti ubalewo unadzera pati. Za ulendo sindinena zambiri. Basi inatidutsitsa ku Tete tili thukuta kamukamu, pamalire asilikali anatipanikiza ndi mafunso, kenako sitima yosatha kudutsa dziko lopanda mtengo. A Mbewe anagona njira yonse. Ine ndinafika maso ali gwa, nditakumbatira chikwama.

Nyumba ya Dona inali m'munsi mwa phiri, moyang'anana ndi minda ya mphesa. Dona anali mayi wamasiye, wamtali, wolankhula mofulumira. Sanali woipa, ndinene zoona, koma ankakonda alendo monga ena amakondera mpira. Ife tinkagona kuboyizi, kachipinda kamodzi kuseri kwa garaja. Kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, mphepo ikulira pansi pa chitseko, ndipo ine ndinkalima ndi manja ouma ndi chisanu ndikudzifunsa kuti dziko lotani limene mvula yake sidziwa nyengo. Lamulungu tinkakumana ndi Amalawi anzathu pansi pa mitengo kupaki. Wina abwera ndi usipa wochokera kumudzi, wina ndi nkhani ya maliro, tonse n'kuseka eni dziko amene ankatitcha makwerekwere koma akafuna wantchito wosaba ankafunsa ife. Mnzathu wina akamapita kumudzi tinkamusenzetsa mabulangete ndi nsapato za ana mpaka kufanana ndi bulu.

A Mbewe analibe nkhani ina koma nyumba yawo. Anali atawotcha njerwa kwa akazi awo, makoma atafika pamwamba, mafelemu a mawindo atalowa. Chinatsala ndi denga.

"Chaka chimodzi chokha, mphwanga," ankatero akuvula nsapato. "Ndikagule malata, ndikakhome, basi ndapuma. Mkamwini akafa asanafolere nyumba, anthu amati adangobwera kudzabereka."

Ndinamva mawu amenewa kambirimbiri mpaka ndinkawamalizira. Iwo ankandiponyera nsapato.

Ntchito yawo sinali yophika chabe. Pansi pa masitepe panali kachipinda kozizira kodzaza mabotolo ogona chammbali, ndipo kiyi wake ankasunga iwo. Dona akanena kuti kukubwera alendo, a Mbewe ndiwo ankasankha kuti mbale iyi ipite ndi vinyo uti. Ndikamaliza za m'gadeni ndinkawathandiza kusenda mbatatesi, iwo akundiphunzitsa zinthu zimene sindinawapemphe.

"Ifetu ndife ankhoswe," ankatero. "Ndiwo ndi mkazi, vinyo ndi mwamuna. Ukatenga mtsikana wofatsa n'kumupereka kwa chidyamakanda chaphokoso, banja likhala? Ndiwo zanthete zimafuna vinyo wanthete. Wokalamba, wolemera, umusungire nyama ya ng'ombe nthawi yozizira."

M'gadeni munali bedi limodzi limene Dona ankaliyendera m'mawa uliwonse. Munkatuluka timitengo tobiriwira tonga zala. Nditafunsa, a Mbewe anati ndi katsitsimzukwa.

"Uja wa asing'anga?"

"Mbale wake. Kuno amamudya asanamere minga, ndi batala, ndipo akatha amadandaula. Koma ndi mkazi wovuta ameneyu. Ukamupatsa vinyo wofiira, m'kamwa mumangomveka ngati wanyambita khasu. Amafuna woyera, wowawasira, wonunkhira msipu wongodulidwa kumene."

Ndinaseka mpaka misozi. Sindinadziwe kuti ndikuphunzira.

M'chaka changa chachiwiri a Mbewe anagwidwa chifuwa cha nyengo yozizira chimene sichinathe. Mphuno inatsekeka osatseguka. Lamba anamuboola bowo lina, kenako linanso. M'kamwa munatuluka zoyera, ndipo ankatsukamo ndi madzi amchere atatembenukira kukhoma. Tonse awiri tinkadziwa matenda ake, pakuti kupaki anali atatenga kale anzathu angapo, koma matenda amenewa sitinkawatchula dzina. Tinkangoti thupi silili bwino.

Tsiku lina anandikodola pawindo la khitchini n'kundipatsa supuni ya supu.

"Mchere uli bwanji?"

"Wachuluka, amalume. Mwathira kawiri."

Anayang'ana mphikawo nthawi yaitali. Kenako anataya supuyo m'sinki n'kuyambiranso. Kuyambira pamenepo palibe chinatuluka m'khitchini ine ndisanalawe. Zimenezi sizinandivute. Kulawa supu si tchimo. Koma madzulo ena, Dona atapita kutawuni, anatulutsa botolo n'kuthira pang'ono m'tambula.

"Amalume, bambo anga mukuwadziwa."

"Bambo ako ali ku Bowe. Ndati ulawe, sindinati umwe. Ununkhize, uike m'kamwa, uzungulize, ulavule m'sinkimo. Chimene sichinadutse pakhosi mpingo ulibe nacho mlandu."

"Malamulo amenewo mwawatenga m'buku liti?"

Sanaseke. Anakhala pampando, manja ali pamaondo.

"Lilime langa lafa, mphwanga. Vinyo ndi madzi kwa ine n'chimodzimodzi. Dona akadziwa, ndapita, ndipo nyumba ija ikhala ikumwa mvula. Chaka chimodzi chokha. Undibwereke lilime lako."

Ndinalawa. Vinyoyo anandiluma lilime ngati bwemba, ndipo ndinalavula mofulumira n'kutsuka m'kamwa. Iwo anafunsa chimene ndamva. Ndinati kuwawasa, kenako kafungo ka gwafa wosapsa. Anawomba m'manja. Tinapitiriza choncho mwezi ndi mwezi, ine ndikunena zimene ndamva m'mawu a kwathu, iwo akumasulira kuti ameneyu ndi wa nsomba, uyu ndi wa nkhuku, uyu wavunda tibweze. Paja amati ukapeza anzako akukazinga maso nawenso kazinga ako, ndipo ndinkadzitonthoza ndi mwambi umenewu. Koma choona n'choti ndinayamba kukonda. Ndinkadikira nthawi yolawa. Mwana wa mkulu wa mpingo, mphuno ili m'tambula, mtima ukusangalala! Lamulungu ndinkapempherabe, koma ndinkachita manyazi ndi Mulungu ngati munthu amene wakupeza ukusuzumira m'mphika wa eni.

Dona anali ndi mwambo wake. Mitengo ikayamba kuphuka, mwezi uja kwathu mombo amavala masamba ofiira anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya, iye ankaitana abale ndi anzake kudzadya zoyamba za nyengo yatsopano. Phwando limeneli linali ulemu wake wa chaka chonse, ndiponso wa a Mbewe. Tebulo ankaliyala pakhonde dzuwa lisanalowe, ndipo alendo ankabwera akudziwa kuti khukhi wa ku Malawi uja achitanso zake.

Tinakonzekera sabata yathunthu. Poyamba katsitsimzukwa wa m'bedi langa, ndi batala ndi ndimu, n'kumukwatitsa kwa vinyo woyera wa fungo la msipu. Ndinalawa mabotolo angapo tisanamupeze, pakuti wina anali wotsekemera kwambiri ndipo a Mbewe anati ameneyo ndi mkamwini waulesi. Kenako supu ya nsawawa zanthete, yobiriwira, ndi vinyo yemweyo. Pakati pa zonse nyama ya mwana wa nkhosa, ndi mbatatesi zing'onozing'ono zosasenda ndi timasamba ta minti. Apa tinakangana. Iwo ankafuna wofiira amene ankagwiritsa ntchito zaka zonse. Ine nditamulawa ndinati walemera, aphimba nyama. Ndinawapatsa wina wopepuka, wa kafungo ka nthudza.

"Tsopano nkhoswe wasanduka iwe?" anatero. Koma anamvera, ndipo ndinaona kuti anakondwa. Pomaliza sitiroberi, ndi vinyo wotuwira kufiira, wozizira. Botolo lililonse loti lipite patebulo ndinalitsegula ndekha m'khitchini masana, ndinalinunkhiza, ndinalilawa, ndinalavula. Panalibe chimene tinasiya.

Tsikulo Dona anandiveka malaya oyera kuti ndizinyamula mbale. Patebulo panali malamulo awiri. Wonyamula mbale salankhula, ndipo Chichewa chimathera pakhomo la khitchini. Panalinso kachitidwe kena kamene Dona ankanyadira. Botolo likatsegulidwa, a Mbewe ankathira kadontho m'katambula kawo, kulawa alendo akuona, n'kuwerama pang'ono n'kunena kuti ndi wabwino. Chiyambire kudwala ankangochita sewero, popeza ine ndinkakhala nditalawa kale.

Katsitsimzukwa anayenda bwino. Supu inayenda bwino. Mayi wina wokalamba anatseka maso akumwa, n'kunena kuti wamva gadeni yonse m'kamwa. A Mbewe anandiponyera diso. Ndinali wonyada, sindibisa.

Ndiye nthawi ya nyama itakwana, mchimwene wake wa Dona anaimirira. Anali bambo wonenepa, wofiira nkhope, wokonda kuseka. Anapita kugalimoto n'kubwera ndi botolo lafumbi. Anati analisunga kuyambira mlamu wake, mwamuna wa Dona, ali moyo, ndipo lero ndi tsiku lake. Dona anagwira pamtima. Bambo uja analipereka kwa a Mbewe kuti alitsegule pomwepo.

Ine ndinali nditaima kumbuyo kwawo ndi thireyi ya nyama, pafupi moti ndikanawakhudza chigongono. Chitsekero chitangotuluka, fungo linandipeza. Linali fungo la chiguduli chonyowa chimene chaiwalika pansi pa nkhokwe. A Mbewe omwe ndiwo anandiphunzitsa fungo limeneli. Vinyo akatero wavunda, ngakhale akhale wodula chotani, ndipo khukhi amangoti pepani, botolo ili ladwala, n'kutenga lina. Palibe amene amakwiya.

Mawu ofunika anali awiri okha. Amalume, lavunda. Azungu aja sakanamva kanthu. Akanayesa ndikufunsa koika mbale, ndipo Dona akanangondidzudzula mawa lake chifukwa cholankhula. Koma taganizani. Munthu wamkulu ali pantchito yake, jekete loyera lili pathupi, anthu akumuyang'ana, ine mphwake nditsegule pakamwa kumuuza zochita? Kwathu mkulu akamalakwa pagulu umayang'ana pansi, n'kudzamuuza kuseri. Ndinaleredwa choncho, ndi bango ndi mapemphero. Ndinadziuza kuti fungo lamphamvu chonchi alimva okha. Ndinadziuza kuti ndikalankhula ndiye ndawavula pamaso pa alendo. Ndili mkati moganiza, iwo anali atathira kale. Ndinayang'ana pansi.

Anaika m'kamwa, anazunguliza, anameza. Anawerama.

"Gudu, madamu."

Anathirira tebulo lonse. Mchimwene wa Dona ananyamula tambula yake, anainunkhiza, anaibweza patebulo. Kenako anaseka.

"Vinyoyu wafa, mlongo wanga. Ndiye khukhi wako wotchuka uja akuti ndi wabwino?"

Dona analawa n'kupukuta pakamwa. Anatembenuka kuyang'ana a Mbewe. Sanawayang'ane m'maso. Ndinaona maso ake akutsika pakhosi, pamene kolala inkalendewera, n'kufika pamanja. Munthu angakhale nawe m'nyumba miyezi yambiri osakuona, n'kudzakuona tsiku limodzi. Anangoti tichotse matambula. Tinabweretsa vinyo wathu wopepuka uja, ndipo alendo anayamikira nyama mpaka kutsuka mbale ndi buledi. Akulu amati manyazi anapha lambe. Kwa ife manyazi anali anga, koma wophedwa anali wina.

Titabwerera kuboyizi a Mbewe sanalankhule za botolo. Anapachika jekete pamsomali, anatsuka m'kamwa, anagona. Ine ndinali ndi kuseri kwanga tsopano, kuseri kumene ndinkadikira kuja, koma kunalibenso chonena.

M'mawa mwake Dona anawatengera kwa dokotala pagalimoto yake. Patapita masiku anabwererakonso, ndipo pobwera Dona maso anali ofiira. Anatiitana tonse m'khitchini. Anati amawakonda a Mbewe ngati m'bale, koma sangathe kuwasunga pa chakudya. Masiku amenewo anthu ankaopa ngakhale kapu imene wodwala wamwera. Anawagulira tikiti ndi sutikesi yatsopano, anawapatsanso kangachepe. Kenako anafunsa.

"Nanga miyezi yonseyi amalawa ndani?"

Ndinayang'ananso pansi. Anayankha ndi a Mbewe.

"Uyu. Musavutike kufuna wina, Dona. Lilime lake laposa langa."

Dona anandipatsa ntchito ya a Mbewe. Jekete lija linandikwana bwinobwino, ndipo ndinadana nalo chifukwa cha chimenecho. Kusiteshoni ndinawanyamulira sutikesi. Ndinkayembekezera kuti andifunsa za botolo lija, koma sanafunse. Anangondiuza kuti sitiroberi ndisamaziphe ndi shuga, ndiponso kuti uvuni wa Dona umapsereza kumanzere. Sitima itanyamuka ndinalira ngati mwana, anthu akundiyang'ana.

Mwina mukufunsa ngati jekete lija ndinkalifuna. Nanenso ndadzifunsa zaka zonsezi. Wa m'gadeni aliyense amene wanyowapo ndi mvula ya ku Kepi amasuzumira pawindo la khitchini, kumene kuli moto ndi malipiro abwino. Sindikukumbukira kuti ndinaganiza zimenezo nditanyamula thireyi ija. Koma kusakumbukira si umboni, ndipo mtima wa munthu umachita zina mwini wake osamuuza. Ndinagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri pambuyo pake. Ana anga anaphunzira. Phwando la nyengo yophukira ndinalikonza chaka ndi chaka, alendo akundiwombera m'manja, ine ndikumva ngati ndavala malaya a womwalira. Malata a nyumba ya ku Ntchisi ndinadzawagula ine, ndisaname, koma denga lokhomedwa maliro atachitika silifunditsa mwini wake.

Tchuthi changa choyamba chinali cha Khirisimasi ya chaka chimene a Mbewe anachoka kwa Dona. Dziko ndinalipeza lina. M'misewu ya Lilongwe mavenda anali ponseponse, ndipo m'matola anthu ankatukwana boma mokweza osayang'ana kumbuyo. Ndinamva kuti ku Dzaleka, ndende ija imene kale tinkaopa ngakhale kuiloza ndi chala, tsopano kukukhala othawa nkhondo ochokera kumayiko ena. Mnyamata wina m'matolamo ankawanyoza kuti atidyera chimanga. Ndinafuna kumuuza dzina limene ife amatitcha kumene ndikuchokera, koma ndinangokhala chete. Kukhala chete ndiye ndinkakudziwa bwino.

Kunyumba Nabanda anali atazolowera kulamula yekha. Anagulitsa mbuzi osandifunsa, anasintha munda wa fodya kukhala wa soya, ndipo zonse zinayenda bwino kuposa mmene ndikanachitira ine. Mwana wamng'ono ankathawa akandiona. Anthu ankabwera kudzaona khukhi wa azungu. Tsiku loyamba lomwe Nabanda anagwada n'kundipatsa kapu ya thobwa, ndipo dzanja langa, mosandifunsa, linaipititsa kumphuno n'kuizunguliza.

"Mukununkhiza chiyani?" anafunsa, nkhope itasintha. "Mwati ndathiramo mankhwala?"

Ndinapepesa. Bambo anali pampando wawo chapafupi, atakalamba, ndodo ili pakati pa miyendo. Anandiyang'anitsitsa.

"Mphuno imeneyo waiphunzira kuti?"

"Ndi za ntchito, bambo."

Sanafunsenso. Koma pa pemphero la madzulo anapempherera ana amene amapita kutali n'kubwera ndi zimene sanapite nazo, ndipo aliyense anadziwa kuti akunena ndani.

Ndinazengereza sabata yathunthu ndisanapite ku Ntchisi. Lero mvula, mawa njinga yaphulika, mkuja mutu. Nabanda ndiye anandithamangitsa.

"Munthu anakupatsani ntchito, inu mukuopa kukamuona? Anthu adzati chiyani?"

Ndinakwera matola pa Mponela, ndinatsika pamene msewu umayamba kukwera, n'kuyenda wapansi. Mapiri anali obiriwira, nkhungu ili pansonga. Amayi ankagulitsa bowa ndi masuku m'mbali mwa njira, ndipo ndinagula zonse ziwiri, pamodzi ndi shuga ndi sopo zimene ndinanyamula. Sindinafunse njira kawiri. Nyumbayo inkaonekera patali, makoma ofiira aatali pakati pa nyumba zaudzu, pamwamba pali pululu. Nditayandikira ndinaona kuti mvula yadetsa njerwa zam'mwamba, ndipo m'chipinda chochezera, chimene ankandiuza kuti mudzakhala mipando ya sofa, munali mutamera maungu. Nkhwani zinkatulukira pawindo.

Akazi awo, a Naphiri, anandilandira ndi manja awiri. Anagwada n'kuyamba kundithokoza. Ati amuna awo anawauza zonse, mmene ndinkawasamalira, mmene ndinkawagwirira ntchito thupi litakana. Ati kangachepe ka Dona kanathera kuchipatala ku Mtengowanthenga, kumene anagonako kawiri, koma Mulungu ndi wabwino, ali moyo. Mawu aliwonse othokoza ankandilasa. Ndikanakonda akananditukwana.

A Mbewe anali pamphasa pakhonde la nyumba yakale yaudzu, atatsamira khoma, atafunda bulangete ngakhale kunali kotentha. Anawaika moyang'ana nyumba yatsopano, mwina anapempha okha. Anali atatha. Maso okha ndiwo anali a munthu uja ndinakumana naye paukwati.

"Khukhi wafika," anatero, mawu akutuluka mopanda mphamvu. "Khala apa. Dona ali bwanji?"

"Ali bwino, amalume. Akupereka moni."

"Uvuni?"

"Ukupserezabe kumanzere."

Anaseka mpaka kutsokomola. A Naphiri anawapatsa madzi n'kupita kukakonza bowa. A Mbewe anandifunsa zimene ndinaphikira alendo a Dona ndisananyamuke, ndi vinyo amene ndinasankha. Ndinawauza. Pena ankagwedeza mutu, pena ankati ayi, ameneyo ndi wamng'ono, sangathe nyama yowotcha. Anatola suku limodzi m'mbale n'kulizunguliza m'zala.

"Ili ukanalikwatitsa kwa ndani?"

"Kwa woyera wotsekemera uja wa pashelefu yapansi."

"Eya," anatero. "Ndidaganiza chomwecho."

Analibweza m'mbale osalidya. Tonse tinayang'ana makoma aja. Kumapiri mitambo inali itayamba kuda. Ndinali nditakonza mawu njira yonse kuchokera ku Mponela, koma tsopano anali atabalalika, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ndibwerera osanena kanthu. Ndipamene anafunsa, osanditembenukira.

"Mphwanga, botolo lija. Udali kumbuyo kwanga. Udalimva?"

Ndikanatha kunena kuti fungo la nyama linanditseka mphuno. Akanavomera, kapena akanachita ngati avomera. Koma munthu anali atagona pamphasa, ndipo anandifunsa kuseri, monga mwa mwambo.

"Ndinalimva, amalume."

"Chitsekero chitangotuluka?"

"Chitangotuluka."

"Ndiye osandinong'oneza?"

"Panali anthu. Inu ndinu aakulu. Ndinaopa kukuchititsani manyazi."

Anakoka bulangete kufika pachibwano, maso ali pamwamba pa makoma pamene panayenera kukhala denga. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

"Udaleredwa bwino iwe," anatero pomaliza. "Bambo ako adagwira ntchito. Ndiye yatipweteka tonse."

Mvula inayamba kudontha. A Naphiri anabwera akuthamanga, ndipo awirife tinawanyamula ndi mphasa yomwe n'kulowa nawo m'nyumba yaudzu.